Madzi a Nsawawa

Nesi ananena mawuwo Lachitatu, ataima pakhomo chikwama chili kale paphewa: Amayi akafika Lolemba asakudyabe, awatengera kuchipatala. Anayankhula mofatsa ngati akutiuza kuti kunja kukubwera mvula. Dzina lake linali Prendergast, mayi wa ku Liverpool, woseka ndi mano onse ngakhale pamene palibe choseketsa.

Ine ndi mlongo wanga Glenys tinangogwedeza mitu. Tinadziwa tanthauzo lake. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi, amene angomuika kumene chitsulo m'chiuno, akalowanso m'chipatala sabwerera kunyumba kwake. Amachoka kumeneko kupita kosungira okalamba, kapena kukagona pafupi ndi Bambo kumanda a kumtunda. Amayi anamva zonse ali pampando, chifukwa m'tinyumba togundana ta kwathu ku Wigan khoma ndi dzina chabe. Nesi atatseka chitseko, iwo anangoti mayi ameneyo amadzola mafuta onunkhira ambiri.

Ndinali nditangofika kumene kuchokera ku Jakarta. Zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikuphunzitsa Chingelezi m'mizinda ya eni: Porto, Izmir, Muscat, kulikonse kumene kuli dzuwa ndipo kulibe wodziwa dzina la bambo anga. Kwathu ndinkabwera pamaliro ndi paukwati basi, tikiti yobwerera ili m'thumba. Ulendo uno Glenys anaimba foni nati ndibwere ndidzaone ndekha, iye watopa kufotokoza.

Sindinkatha kukhala pansi. M'mawa ndinkayenda m'mbali mwa ngalande mpaka mapazi kuwawa, ndikuyang'ana zinthu zimene kulibenso. Pamene panali mgodi umene unadya mapapo a Bambo, lero pamaima magalimoto a anthu okagula mipando. Kalaibulale ka m'dera lathu, kamene kanandiphunzitsa kunyoza kwathu m'mawu osalala, anakasandutsa malo ometera nsidze. Zonsezi zinkandikwiyitsa ngati kuti wina anandilonjeza kundisungira tauni imene ndinaithawa ndekha. Ndikalowa m'nyumba ndinkayamba kuzungulira: kukhitchini, pabalaza, pamasitepe, kukhitchininso. Amayi ankanditsatira ndi maso.

Chichokereni kuchipatala, bedi lawo linatsitsidwira pabalaza, ndipo Glenys anawakhazika pampando wandalema wa Bambo, malo abwino koposa m'nyumbamo, moyang'anizana ndi kanema. Nthawi ya chakudya tinkawaikira thireyi pamiyendo, kansalu pachifuwa, ife n'kukhala pafupi, wina uku wina uku, maso pa supuni. Glenys anali atayesa phala, yogati, mazira, ndi timabotolo ta kufamase tokoma ngati choko chothira shuga. Ine ndinabwera ndi nzeru zakunja. Ndinaphika mpunga wofewa wosakaniza ndi nsawawa zaziwisi, timasamba tonunkhira ndi tchizi. Mawa lake msuzi wa nkhuku wothira jinja ndi mandimu, umene ku Jakarta amati umadzutsa ndi wakufa yemwe. Amayi ankayang'ana mbale, kenako ife.

"Wakonza bwino, Melvyn," ankatero. "Idya iweyo. Waonda ngati chingwe choyanikira zovala."

Mutu wawo unali bwinobwino, tisanamizane. Ankadziwa tsiku, ankadziwa amene wasiya mkazi mumsewu wathu ndi amene watenga mkaziyo. Dokotala sanapeze chotchinga pakhosi kapena m'mimba. Ankangoti alibe njala, kapena adya nthawi ina, koma mphete yaukwati inali itayamba kuvuka yokha pachala.

Lachisanu madzulo, ndikusinthasintha matchanelo chifukwa chosowa chochita ndi manja, ndinakumana ndi nyimbo ya lipenga imene sindinaimve chisiyireni kabudula wa sukulu. Makwerero. Pali tchanelo china chimene chimangoonetsa masewero akale a nthabwala, tsiku ndi tsiku dzuwa likamalowa, kwa anthu amene akudikira imfa kapena chakudya chamadzulo. Seweroli linali la a Pomfret, mkulu wotsuka mawindo amene ankaopa kukwera pamwamba. Sabata iliyonse ankapeza chifukwa chatsopano chotumizira mlamu wawo Cedric pamakwerero, iwo n'kutsala pansi, chipewa chili pamphuno, akunena mawu amene dziko lonse linkawadikira: "Kwera iwe, ine ndigwira pansi pano." Ndiye ankaona mkazi akudutsa, kapena fungo la tchipisi linkawapeza, n'kuwasiya makwererowo.

Kwathu seweroli linali la Lachinayi, ndipo Lachinayi linali tsiku loti mawa Bambo alandira, m'kabati mutatsala buledi ndi chitini. Choncho Makwerero ndi nsawawa pabuledi wowamba zinali chinthu chimodzi, monga mvula ndi Lamlungu. Nsawawa zake zonenepa zam'chitini zija, zobiriwira mwabodza. Kuzitenthetsa, kabatala, viniga, tsabola woyera, kuzikanya pang'ono ndi foloko, basi. Lipenga likamayamba poto ali pamoto, a Pomfret asanafike pawindo loyamba mbale zili pamiyendo.

Ndinathamangira kugolosale ya pakona n'kubwera ndi chitini. Ndinkadziona wanzeru kwambiri. Mabuku ambiri amene ndawerenga amakhulupirira kuti kakomedwe ka paubwana kamatsegula chitseko chilichonse. Nsawawa zitawira ndinanyamula poto kupita pasinki, n'kuyamba kukhetsa madzi ake, monga amachitira anthu kulikonse kumene ndakhalako.

"Ukutaya chiyani pamenepo?"

Mawuwo anachokera pampando wandalema, ndipo anali mawu amene sindinawamve chibwerereni, akuthwa, a mayi amene wagwira mwana akuba shuga. Anali atapotoloza khosi mpaka kuona kukhitchini. Ndinati ndi madzi chabe. Anandifunsa ngati kumaiko konse ndapitako palibe anandiuza kuti madzi a nsawawa satayidwa, kuti ngakhale kushopu ya tchipisi amakuthirira ulere ukapempha mwaulemu. Koma madziwo anali atapita kale, obiriwira, kutsika m'paipi. Ndinawabweretsera mbale yawo pathireyi, nsawawa zili mulu pabuledi, n'kukhala pasofa kuwayang'ana. Iwo anayang'ana Cedric akulendewera kudenga. Sanaseke, foloko sanaikhudze. Pamapeto anati ndidye zisanazizire.

Loweruka ndinamuuza Glenys kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mabini, pamene amasutira fodya amene amati anasiya. Glenys ndi wamkulu kwa ine pang'ono, amakhala kuseri kwa tchalitchi, ndipo amagwira ntchito m'shopu yaikulu ya m'tauni. Anamvetsera nkhani ya chitini uku akupukusa mutu.

"Ndiye a Profesa abwera pandege kudzatiphunzitsa kutsegula chitini," anatero. "Ukuyesa sindinayese? Nsawawa, payi, nsomba, zonse. Iwe unakwera makwerero ako, Melvyn. Wogwira pansi ndine, ndipo ine sindinawasiyepo."

Ndinati zimenezo ndazimva, achemwali, tidzakangana bwino Lachiwiri. Chimene chinkandizunguza mutu chinali mawu aja. Munthu wopanda njala salusa chifukwa cha madzi a m'poto. Ndinali kuyendayenda pakabwalo ka simenti kaja, kuchoka pabini kufika pachipata, mpaka Glenys anati ndiime ndisanamuchititse chizungulire. Ndinamufunsa kuti Lachinayi lija tinkakhala bwanji. Anayankha mosaganizira n'komwe: Bambo pampando wawo, iye pasofa atapinda miyendo, ine pansi, pafupi kwambiri ndi galasi la kanema moti ankandiopseza kuti ndichita khungu. Ndinafunsa za Amayi.

Anagwetsa phulusa la fodya wake.

Pakhomo la kukhitchini, anatero pomaliza. Kumbuyo kwathu. Pamenepo tonse tinakumbukira chinthu chimodzi: kuseka kwa Amayi kunkabwera mochedwa, ife titamaliza kale, kuchokera kumsana, ngati kwa munthu amene ali ndi kanthu m'kamwa. Ndipo pansi pa kuseka kwa anthu a m'kanema kunkamveka kasupuni kakukanda poto. Nsawawa zinkapita m'mbale zitatu. Madzi ake, ndi tinsawawa tophwanyika totsalira pansi, ankasunsamo chidutswa chakumapeto cha buledi, choumacho, ali chiimire.

"Achemwali, munawaonapo Amayi akutafuna?"

Anati ndisayankhule zopusa. Kenako anayamba kufufuza m'mutu. Pa Khirisimasi ankadziikira mbale, inde, koma ankanyamuka kukatenga msuzi, kenako mchere, kenako kukaona keke, ndipo pobwera tonse tinali titamaliza, iwo n'kuchotsa mbale yawo pamodzi ndi zathu. Paukwati wa Glenys anakathera kukhitchini ya holo, kuthandiza anthu olembedwa ntchito. Kulesitilanti ankati adya kale. Bambo atamwalira ankakhala okha, zitini zinkatha, buledi ankatha, ndipo palibe anafunsa kuti amadyera pati. Ndiye anagwa pamasitepe, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanakhalepo ndi mbale popanda maso a munthu pa iwo. Kuchipatala anamwino, kunyumba ife. Tinawakhazika pampando wa mwamuna wawo, kuwapatsa gawo loyamba ndi labwino ana awo asanadye, n'kumawayang'anitsitsa.

Glenys anaponda fodya wake nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Ndinati tiyese kuwasiya Amayi okha kukhitchini ndi poto, ife titafulatira, koma iye anakana. Anati nesi ananenetsa kuti asamaime okha, pansi pa kukhitchini ndi poterera, akagwanso ndiye kwatha, ndipo wokauza a ambulansi kuti tinawafulatira dala ndikhale ine. Ndinati tikapanda kuyesa Lolemba akupita ndithu. Anati ndimayankhula ngati munthu amene ali ndi tikiti. Tinasiyana pomwepo, iye kulowa m'nyumba, ine kubwerera kungalande. Koma Lamlungu masana anafika ndi kamphasa ka labala kosaterera, n'kukayala pakhomo la kukhitchini osandiyang'ana.

Nthawi ya lipenga itayandikira ndinalowa kukhitchini n'kuyamba kusokosa. Ndinatsegula makabati onse. Ndinafunsa kumene kumakhala viniga. Amayi anati kumanzere, ine ndinati kulibe. Anati kumanzere kwa anthu, osati kwa aphunzitsi. Ndinati kulibe ndithu, mwina ndingofinyira mandimu. Kenako ndinamva chitsulo chawo choyendera chikugunda pansi, gu, gu, ndi mpweya wawo, ndi Glenys akudziletsa kuwagwira mkono. Amayi anafika atatuwa, milomo itauma, natenga viniga pamene anali, kutsogolo kwa mphuno yanga.

Atafika sanathenso kuchoka. Anati buledi ndawamba mopitirira, batala ndapaka ngati ndikupenta khoma. Anandilanda chipande chobowoka, natsamira kabati ndi mbali yabwinoyo ya chiuno, n'kuyamba kuvuula nsawawa, madzi kuwasiya. Mbale ziwiri. Za yachitatu sanafunse, ifenso sitinaitchule. Ndinazimitsa gasi, ndinakankhira poto kumbali yozizira, chidutswa chakumapeto n'kuchisiya pathabwa ngati ndachiiwala. Pobwerera pabalaza ndinapeza Glenys atakhala kale pampando wandalema, kuti Amayi asakhale ndi kobwerera. Ine ndinakhala pasofa. Tonse tinafulatira kukhitchini.

Seweroli ndi loipa. Ndiyenera kunena zimenezi, poti ndakhala ndikulisunga m'mutu zaka zonsezi ngati chuma. Makoma a nyumba zake amagwedezeka munthu akatseka chitseko. Tsiku limenelo munali mlendo wa ku Spain amene anamumata ndevu kuti aziseketsa pongotsegula pakamwa, ndipo ine, amene ndakhala mlendo woseketsa m'mizinda yambiri, ndinamva nkhope kutentha. A Pomfret ndi Cedric onse anamwalira kalekale. Ndinkadya nsawawa zanga, zotsekemera ndi zowawasa, zokoma kuposa mmene ndinafunira kuti zikome, mwendo ukunjenjemera wokha. Khosi lonse linkafuna kutembenuka. Moyo wanga wonse malo akandithina ndimanyamuka, koma apa ndinayenera kukhala mpaka sewero lithe, ndikuyang'ana kutsogolo.

Kumbuyo kunali zii. Kenako china chake chachitsulo chinagwa n'kuyamba kuzungulira pansi.

Glenys anali atayamba kale kudzuka. Ndinamugwira dzanja, iye anagwira langa, zikhadabo zake zinalowa. Tinadikira kulira, kapena kugunda kolemera kwa thupi. Chinthucho chinazungulira, chinazungulira, n'kugona. Chinali chivundikiro cha poto. Amayi anachitukwana ndi mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa.

M'kanema a Pomfret anakweza chipewa, nayang'ana makwerero kuyambira pansi mpaka pamwamba. "Kwera iwe, ine ndigwira pansi pano." Anthu a m'kanema anaseka, Glenys anaseka modzikakamiza, ine ndinatulutsa kamawu ngati ka chitseko chosowa mafuta. Kuseka kutatha tinamva: kasupuni pa poto, pang'onopang'ono, kuzungulira m'mbali. Kenako kachete ka munthu amene akutafuna. Makwerero atagwa, Cedric atatsala akulendewera ndi malamba a buluku, kuseka kunabwera kuchokera kumsana, kochedwa, kodzaza m'kamwa.

Glenys sanandisiye dzanja mpaka nyimbo yotsekera. Misozi inkatsikira m'nsawawa zake koma ankadyabe ndi dzanja linalo, poti kusiya chakudya m'mbale kukanawabweretsa Amayi kudzafunsa. Titapita nazo mbale tinapeza poto ali mbee, pathabwa pali nyenyeswa zokha. Amayi anati tiwaperekeze kumpando, miyendo yatopa, ndipo poto ameneyo sakufunika sopo wambiri.

Lolemba Glenys anaimbira nesi kumupempha kuti kwathu afike pomaliza, dzuwa likulowa. Anafika ndi makina ake opimira, koma asanavule jekete Amayi anali atamuona kale kuti ndi munthu amene sanadye chamasana. Mbale zinakhala zitatu. Nesi anangopezeka ali pasofa pambali panga, nsawawa pamiyendo, akuonera mkulu wotsuka mawindo. Anandinong'oneza kuti iye sangavomereze zimene sanaone ndi maso, ndiponso kuti wodwala wake waima yekha kumbuyo kwake, zomwe zingamuchotsetse ntchito. Anayamba kutembenuka. Glenys anamugunda bondo, n'kuloza ndi foloko pawindo la pabalaza.

Unali mwezi wa Novembala, kunja kunali kutada kale, ndipo makatani tinali tisanatseke. M'galasimo munkaoneka chipinda chonse: mitu yathu, kuwala kwa kanema, ndipo kumbuyo, pakhomo lowala la kukhitchini, kamayi kakang'ono katatsamira mphuthu, poto m'dzanja limodzi, buledi m'dzanja lina. Ndinawaona akusunsa, akudikira kuti buledi amwe, akukweza kukamwa. Ndine munthu wa imvi, ndipo kanali koyamba kuwaona akudya. Ankatafunira mbali imodzi, mofulumira, maso ali pa kanema pamwamba pa mitu yathu. Ndinachotsa maso msanga ngati ndawaona akusamba.

Nesi anayang'ana nthawi yaitali kuposa ine. Kenako anabwerera ku mbale yake. Osatembenuza mutu, ananong'ona kuti madzi a nsawawa ndi khoko la buledi sizingamange chiuno cha munthu. Tizithira batala wambiri m'poto, tiziswera dzira, tizisiya tinyama pansi ngati taiwala. Abweranso Lachinayi ndi sikelo. Za kuchipatala, anati, tiyeni tione kaye. Potuluka anauza Amayi kuti viniga anachuluka, Amayi n'kumuyankha kuti ku Liverpool anthu sadziwa kudya.

Glenys amakhala pa shifiti ya madzulo masiku ambiri, ndipo chinthuchi chimafuna msana wa munthu pasofa, munthu wanjala woti apatsidwe mbale yoyamba. Tikiti yanga ndinaisuntha, kenako ndinaisunthanso. Sindinayambe kuikonda tauniyi. M'mawa ndimayendabe kungalande ndikutukwana magalimoto oima pamgodi, ndipo seweroli akamalibwereza limaipiraipira. Koma lipenga likamalira ndimakhala nditakhazikika, nditasiya tizidutswa ta soseji pansi pa madzi obiriwira. Amayi amadandaula kwa Glenys kuti mlongo wake ndi wosasamala, amaiwala chakudya chabwino m'poto, mwina ndi mmene amachitira ku Jakarta.

Dzulo, a Pomfret ali mkati mofotokoza chifukwa chake bondo lawo silingakwere lero, mawu anabwera kuchokera kumbuyo, odzaza m'kamwa.

"Melvyn, leka kugwedeza mwendowo, nyumba yonse ikunjenjemera. Ndipo makataniwo uzitseka. Anthu amaona."